Momwe mungaphunzitsire ana a pulayimale za anthu otulukira zinthu zatsopano

Mwana amene amapinda waya n'kupanga galimoto ya chiwongolero, kapena kumanga mpira wachikulunga, ali nalo kale luso lotulukira zinthu. Chimene chimamufooketsa ndi phunziro lomulembetsa mayina ndi zaka pabolodi kuti aloweze. Akaweruka amapita kwawo akuganiza kuti zotulukira zinthu ndi za anthu akunja okha. Njira iyi ndi ya aphunzitsi a makalasi akumtunda, makamaka pa phunziro la Science and Technology, ndipo siifuna labotale. Zipangizo zake ndi zija aphunzitsi amazitchula TALULAR, kutanthauza zophunzitsira zopezeka pafupi, monga pakhomo ndi pamsika.

1. Yambani ndi chinthu chogwirika

Lowani m'kalasi ndi tochi, machesi, msampha wa mbewa ndi lichero. Pa chilichonse funsani mafunso awiri: chinthu ichi chinathetsa vuto lanji, nanga chisanabwere anthu ankatani? Musafulumire kuwayankhira. Kenako atumeni akafunse agogo awo mmene ankapezera ufa kulibe chigayo pafupi, kapena mmene ankasungira moto machesi akasowa. Ana adziwe kuti nkhokwe, mono ndi mtondo nazonso anachita kuzitulukira anthu, ngakhale mayina awo sanalembedwe m'buku lililonse.

2. Munthu woyamba kumukamba akhale wakwathu

Apa musaumire nthawi. William Kamkwamba anabadwa mu 1987 ndipo anakulira ku Wimbe m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 makolo ake analephera kumulipirira fizi, iye n'kusiya sukulu ya sekondale. M'malo mongokhala, ankapita ku laibulale yaing'ono ya m'deralo, kumene anapeza buku lokhala ndi chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankadalira kwambiri zithunzi. Anatolera fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakale ndi dayinamo, n'kuzikweza pa nsanja ya mitengo ya bulugama. Anthu ena ankati wapenga. Babu linayaka ali ndi zaka 14 zokha. Mu 2007 anakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America.

Nkhaniyi musaikambe yonse kamodzi. Imani pamene mnyamatayo wapeza chithunzi chija, muwafunse ana kuti akanakhala iwo akanayambira pati. Ngati mungabwereke njinga ya dayinamo, itembenuzeni, mwana mmodzi azungulitse tayala ena aone nyali ikuyaka. Akaona ndi maso awo kuti kuzungulira ndiye kukubala magetsi, savutikanso kumvetsa kuti mphepo ikhoza kugwira ntchito ya mwendo wopalasa.

3. Kenako bweretsani akunja, koma ochepa

Atatu kapena anayi akwanira. Louis Braille wa ku France anachita khungu ali mwana, ndipo mu 1824, ali ndi zaka 15, anakonza kalembedwe ka timadontho 6 tofufuma kamene osaona amawerengera mpaka lero, ngakhale kuno kwathu. Ana akhoza kumata nyemba pakatoni n'kuyesa kuzindikira madontho atatsinzina.

Za Thomas Edison ndi babu lake la 1879 zikambeni moona. Sanali yekha. Anali ndi gulu la antchito, ena anali atayesapo kale iye asanayambe, ndipo Lewis Latimer, munthu wakuda wa ku America, anakonza njira yabwino yopangira kachingwe koyaka m'kati mwa babu. Atsikana amvenso dzina la mayi: Mary Anderson, amene mu 1903 analembetsa chipangizo chopukutira galasi la galimoto kukamagwa mvula. Ine ndimaona kuti phunziro lopanda mayi ndi mmodzi yemwe limawauza atsikana mwakachetechete kuti izi si zawo.

Chitsanzo china chapafupi ndi makina a Pumani othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma. Anakonzedwa mogwirizana ndi a Rice University ku America ndi madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo poyamba anagwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'madzi owetera nsomba m'nyumba, pofuna kuti mtengo utsike.

4. Ana apeze vuto lawo

Agaweni m'magulu osapitirira ana 8, ndipo magulu ena awatsogolere atsikana. Azungulire pasukulu kufuna chimene chikuvuta: kusamba m'manja pochoka kuchimbudzi, mbuzi kudya mbande, choko kumangothyoka, matope pamjigo. Gulu lililonse lisankhe vuto limodzi, lijambule maganizo ake m'kope ndi kulemba zipangizo zofunika. Ganizo ngakhale lioneke losatheka musaliseke, ingofunsani kuti ligwira ntchito bwanji.

5. Apange, ayese, akonzenso

Ngati kalasi sinapangepo kanthu, yambani nonse ndi mpondagiya. Pakufunika kachigubu, chingwe, mitengo iwiri ya mphanda, mtanda wopingasa ndi kamtengo kopondapo. Bowo likakula madzi amatha msanga, chingwe chikatalika chigubu sichipendekeka. Zolakwika zimenezi ndiye phunziro lenilenilo, choncho manja anu akhale kumbuyo. Ana alembe chimene chinakanika, chimene asintha, ndi zimene zachitika atasintha. Akatero apite ku vuto la gulu lawo lija.

Chenjezo ili mulinene mobwerezabwereza: magetsi a ESCOM si oyeserera. Ana akamva nkhani ya Kamkwamba ena amafuna kukagwira mawaya kunyumba. Zoyesera zonse zikhale za mabatire a tochi. Mipeni, misomali yotentha yobowolera ndi malata akuthwa zigwiritsidwe ntchito inu muli pomwepo, ndipo mabatire akale asamawaswe.

6. Aonetse kwa anthu

Pemphani ahedi tsiku limodzi kumapeto kwa teremu, muitane makolo, a komiti ya sukulu ndi amfumu. Muitanenso wokonza njinga, wowotcherera kapena wosula mbaula wa pamsika, awauze ana mmene amaganizira chinthu chikawonongeka. Gulu lililonse lifotokoze vuto, lionetse chimene lapanga, linenenso chimene chinakanika poyamba.

Popereka malikisi musayang'ane kukongola, chifukwa chokongola kwambiri nthawi zina amakhala wapanga ndi kholo. Funsani mwana aliyense m'gulumo chifukwa chake anasankha chipangizo chakutichakuti ndi chimene angasinthe atapatsidwa sabata ina. Zimene zagwira ntchito, monga mpondagiya, zisiyeni pamalo pake ana azizigwiritsa ntchito, ndipo gulu lomwe linapanga ndilo liziyang'anira ndi kukonza chikawonongeka.