Momwe mungapezere zikalata za chitukuko ku khonsolo ya boma lanu

Kumudzi kwathu kuli mdadada wa sukulu umene unaimira pa mawindo. Mvula yagwa zaka ziwiri, mkati mwamera chisoso ndi bonongwe, ndipo masana mumausa mbuzi. Ana a Sitandade 3 akuphunzirabe pansi pa mtengo wa mango, chapafupi pomwepo. Mukafunsa amfumu akuti funsani a komiti. A komiti akuti ife ndalama sitinazigwire, kontrakitala anangobwera ndi anthu ake, tsiku lina n'kupakira makasu ndi mawilibala. Ku mjigo ndi pabawo nkhani ndi yoti ndalama zinadyedwa, koma palibe amene anganene kuti zinali zingati, analandira ndani, tsiku liti.

Mayankho a mafunso amenewa alipo. Ali papepala, m'fayilo, ku khonsolo. Ndipo inu, kaya ndinu mlimi, mphunzitsi kapena wogulitsa tomato mumsika, muli ndi ufulu wowaona.

Ndime 37 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, pa mlingo uliwonse wa boma, ngati ukufunika kuti agwiritse ntchito ufulu wake. Kwa zaka zambiri ndimeyi inangokhala m'buku. Aphungu anavomereza lamulo la ATI, lopereka mwayi wopeza mauthenga, mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika analisainira mu Febuluwale 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Makhonsolo onse, a m'maboma ndi a m'mizinda omwe, lamuloli limawakhudza. Amene amayang'anira kuti likutsatidwa ndi bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la MHRC.

Poyambira: dziwani dzina la chikalata chimene mukufuna

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Ulendo wanga woyamba ndinangofika n'kunena kuti ndabwera kudzamva za chitukuko cha kwathu. Ananditumiza ku ofesi ya mapulani, a mapulani anandilozera kwa a zachuma, a zachuma anati abwana apita ku msonkhano, bwerani mawa. Ndinabwerera ndi fumbi lokha kumapazi, ndalama ya kabaza itapita. Funso lotambalala limapatsa aliyense mpata wokukankhirani kwa mnzake. Funso lotchula chikalata, chaka chake ndi malo ake silizembeka msanga.

Choncho musanakwere minibasi, pitani kaye pamalo pa ntchitopo. Ngati pali chikwangwani, chijambuleni ndi foni kapena koperani m'kope zonse zimene zalembedwapo: dzina la ntchito, dzina la kontrakitala, thumba limene ndalama zachokera, ndi nthawi imene ntchitoyo inayenera kutha. Thumbalo n'lofunika kwambiri, chifukwa ndalama za chitukuko ku khonsolo zimabwera m'njira zingapo. Pali CDF ya dera la phungu, pali DDF ya dera lonse la khonsolo, palinso GESD imene imachokera ku World Bank. Thumba lililonse lili ndi mafayilo ake. Ngati chikwangwani palibe, wapampando wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kapena wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, ngakhalenso khansala wanu, angakuuzeni thumba lake.

Tsono pa ntchito yomanga, zikalata zimene zimanena zoona zake ndi izi. Choyamba ndi mgwirizano umene khonsolo inasainirana ndi kontrakitala: mmenemo muli mtengo wa ntchito ndi tsiku lomaliza. Kenako BOQ, umene ndi mndandanda wa zipangizo ndi kuchuluka kwake, matumba a simenti angati, malata angati a geji yanji, zitseko zingati. Ine ndimati ngati mungapeze chikalata chimodzi chokha, pezani chimenechi, chifukwa n'chimene mungayende nacho pamalopo n'kumawerenga ndi chala. Palinso masatifiketi amene ofesi ya zomangamanga imasainira kutsimikiza kuti gawo lakuti la ntchito latha ndipo kontrakitala alipidwe, pamodzi ndi mavocha osonyeza ndalama zimene zinatulukadi. Mukafuna kudziwa mmene kontrakitalayo anasankhidwira, pemphani maminitsi a komiti yogula katundu ya IPDC. Mukafuna kudziwa amene anavomereza ntchitoyo, pemphani maminitsi a msonkhano waukulu wa khonsolo ndi bajeti ya chaka chimenecho.

Za chaka samalani. Chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Chisanafike chaka cha 2022 chinkayamba mu Julayi. Ntchito imene inayamba mu Febuluwale 2023 ili m'mabuku a 2022/23, osati a 2023/24. Mukaphonya pamenepa adzakuuzani kuti m'chaka mwatchulacho mulibe ntchito yotere, ndipo adzakhala akunena zoona.

Kachiwiri: tsimikizani kuti mwagogoda pakhomo loyenera

Sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, misika, madepoti, mijigo ndi misewu ya m'midzi zili m'manja mwa khonsolo. Misewu ikuluikulu ya tala ndi ya Roads Authority. Chiphaso cha unzika ndi kalata ya kubadwa ndi za bungwe la kalembera la NRB, ndipo zili ndi njira yakeyake, sizifuna kalata ya ATI. Mukalakwitsa khomo, lamulo limati ofesiyo itumize pempho lanu kumene kuli chikalatacho n'kukudziwitsani, komabe masiku amakhala akutha.

Mukafika paboma, yambani mwaima pa bolodi la zidziwitso. Mabajeti, ndalama zimene khonsolo yalandira ndi mndandanda wa ntchito za chitukuko nthawi zina zimamatidwa pomwepo. Lamuloli limafuna kuti zinthu ngati ntchito zoyendetsedwa ndi ndalama za boma ndi migwirizano ziziperekedwa poyera popanda wopempha.

Kachitatu: lembani

Ofesi iliyonse ya boma imayenera kukhala ndi munthu wosankhidwa kulandira mapempho otere, amene pa Chingerezi amamutcha information officer. Pempho limapita kwa iyeyo. Pali fomu yopemphera imene mungaifunse ku ofesi yake. Akati mafomu atha, musabwerere; lembani kalata pompo, ngakhale papepala la m'kope. Kalatayo isatalike, ndipo musaikemo mkwiyo. Mwachitsanzo:

“Kwa ofisala woona za mauthenga, khonsolo ya boma lakutilakuti. Ine Uje, wa m'mudzi mwa Uje, mfumu yaikulu Uje, ndikupempha motsatira lamulo la ATI makope a zikalata izi zokhudza mdadada wa zipinda ziwiri pa sukulu yakutiyakuti, umene unamangidwa ndi ndalama za CDF m'chaka cha 2022/23: mgwirizano wa khonsolo ndi kontrakitala, BOQ, masatifiketi olipirira ndi mavocha onse. Ndine kholo la mwana wa pa sukuluyi ndipo nkhaniyi ikukhudza ufulu wa mwana wanga wa maphunziro. Ndikufuna makope a papepala. Nambala yanga ya foni ndi iyi.”

Chiganizo chonena za ufulu wa mwanacho musachisiye. Popeza lamulo limamangiriza pempho ku ufulu wa munthu, mzere umodzi wotere umatseka pakamwa pa amene angafune kukufunsani kuti inu ndinu ndani. Ngati ndi mjigo, tchulani ufulu wa chitukuko ndi umoyo wa banja lanu. Ngati ndi ndalama za ziphaso za mumsika, nenani kuti mumadula chiphaso tsiku ndi tsiku.

Agogo amene sadziwa kulemba asaope. Lamulo limalola kupempha pakamwa. Ofisalayo ndi amene ayenera kulemba zimene mwanena n'kukuwerengerani kuti mumve ngati walemba zomwezo, kenako musaine kapena mudinde chala.

Kachinayi: musachoke opanda chidindo

Pa zonse zimene ndalemba pano, ichi ndiye ndikukupemphani kuti musaiwale. Pitani ndi makope awiri. Limodzi musiye, linalo akudindireni chidindo chosonyeza tsiku limene alandira, ndipo wolandirayo asaine. Lembani dzina lake kuseri kwa pepalalo, ndi nthawi yomwe. Ofisala mwini wake akakhala kuti watuluka, siyani kalatayo ku registry, kumene makalata onse olowa amalembedwa m'buku, ndipo muone ndi maso anu kuti yalembedwa. Mukatuluka panja lijambuleni pepala lodindidwalo ndi foni, n'kutumizira munthu wina pa WhatsApp, kuti likanyowa kapena kutayika umboni ukhalepobe.

Kalata yopanda chidindo imasowa mosavuta, ndipo ikasowa mulibe pogwira. Masiku onse amene lamulo limapereka amayamba kuwerengedwa pa tsiku la pa chidindolo.

Kupereka pempho n'kwaulere. Chimene angakulipiritseni ndi mtengo wa fotokope basi, ndipo mulipire kwa wolandira ndalama wa khonsolo, akupatseni lisiti. Wina akayamba za ya fanta kuti fayilo ipezeke msanga, kanani mwaulemu. Mukangopereka kangachepe mwasandutsa ufulu wanu kukhala chifundo cha munthu. Ngati ndalama ya fotokope yavuta, pemphani kuti mungowerenga fayiloyo pomwepo n'kukopera manambala m'kope lanu.

Ndipo ngati n'kotheka musapite nokha. Mutu umodzi susenza denga. Mukapita awiri kapena atatu, wina wa komiti ya sukulu, wina wa VDC, mayi mmodzi wa gulu la amayi pa sukulupo, zimavuta kuti wina anene kuti mwatumidwa ndi chipani chakutichakuti. Ndikudziwa kuti mantha amenewa ndi enieni kumudzi, kumene mawa lake mukakumana ndi anthu omwewo pamaliro ndi kutchalitchi.

Kachisanu: werengani masiku

Khonsolo ili ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti ikuyankheni polemba, kunena ngati chikalatacho chilipo ndiponso ngati akupatsani chonse kapena gawo lake. Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi sawerengedwa, choncho ndi pafupifupi masabata atatu. Ngati uthengawo ukukhudza moyo wa munthu kapena ufulu wa amene watsekeredwa, yankho liyenera kubwera pasanathe maola 48.

Chongani tsikulo pa kalendala. Sabata yachiwiri ikamatha imbani foni kapena dutsaniko, muwakumbutse mofatsa. Ambiri ogwira ntchito m'makhonsolo si adani anu. Ena ali ndi kompyuta imodzi anthu anayi, ena lamuloli angolimva pa wayilesi ngati inu nomwe. Koma masiku akakwana ali chete, lamulo limatenga kukhala chete kumeneko ngati kukana, ndipo mukhoza kupita patsogolo.

Akakana

Pali zinthu zimene ofesi ili ndi mphamvu yobisa: za chitetezo cha dziko, zinsinsi za munthu wina monga za matenda ake, zimene zingaike moyo wa wina pachiswe, zimene zingasokoneze kafukufuku wa apolisi kapena mlandu umene uli kukhoti, ndi zinsinsi zenizeni za malonda. Mtengo wa mdadada wa sukulu womangidwa ndi misonkho yathu sindiona kuti ungalowe pati pamenepa. Ngakhale m'chikalata mutakhala mzere wachinsinsi, monga nambala ya akaunti ya kubanki ya munthu, akhoza kuphimba mzerewo n'kukupatsani zotsalazo. Mawu oti “zimenezo ndi za boma” si chifukwa. Pemphani kuti kukanako akulembereni, atchule ndime ya lamulo imene aimirapo.

Mukatero lemberani mkulu wa khonsoloyo, amene m'maboma ndi bwanamkubwa, a DC, ndipo m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ndi mkulu woyendetsa khonsolo, kumupempha kuti aunikenso chigamulocho. Phatikizanipo kope la kalata yodindidwa ija, ndipo iyinso akudindireni. Musachedwe nazo, chitani sabata yomweyo.

Zikakanikanso apo, dandaulo lipite ku MHRC, imene likulu lake lili ku Lilongwe. Atumizireni makope a zonse motsatana masiku: pempho, chidindo, yankho ngati linabwera, kalata ya kwa a DC. Pamwamba pa MHRC pali khoti. Ngati vuto ndi kukuzunguzani ndi “bwerani mawa” wosatha, ofesi ya Ombudsman nayonso imamva madandaulo a kusayendetsa bwino ntchito m'maofesi a boma. Dziwaninso kuti wobisa dala, kung'amba kapena kusintha chikalata chimene chapemphedwa angalipitsidwe K3 miliyoni ndi kukhala kundende zaka zitatu.

Zikalata zikafika m'manja mwanu

Musathamangire pa Facebook kukatchula anthu kuti ndi mbava. Lamulo lomweli limalanganso wogwiritsa ntchito molakwika uthenga umene wapatsidwa, ndipo nthawi zina pepala limaonetsa kuti kontrakitala anaima chifukwa iyenso sanalipidwe. Khalani pansi ndi munthu wodziwa zomanga, ngakhale mmisiri wa m'mudzi momwemo, muwerenge limodzi. Ikani mavocha mbali ina, masatifiketi mbali ina, muphatikize ndalama zonse zimene zinatuluka, muyerekeze ndi mtengo wa mu mgwirizano.

Kenako tengani BOQ mupite nayo pamalopo. Ngati satifiketi ikuti denga linakhomedwa ndipo linalipiridwa, koma inu mwaima mkati mwa mdadadawo mukuona mitambo, jambulani chithunzi, lembani tsiku, mboni ziwiri zisaine. Zimenezo mupite nazo ku msonkhano wa ADC, mupatsenso khansala wanu kuti akazitule ku msonkhano waukulu wa khonsolo. Ngati kusiyanako n'kwakukulu ndipo palibe akufotokoza, kope lina lipite ku bungwe lothana ndi katangale la ACB. Makope enieni odindidwa aja asungeni kunyumba m'pepala la pulasitiki, ndipo aliyense wowafuna muzimupatsa fotokope.