Mmene mungapezere gemu ija munkasewera muli mwana

Ambirife tikukumbukira kagemu kenakake komwe tinkasewera pa ka TV kuseri kwa resitilanti kapena pafupi ndi chiwaya cha chipisi pa Kamuzu Road ku Salima kuno, koma dzina linathawa kalekale. Kamapezeka ndithu.

Dzinalo lisiyeni kaye, yambani ndi chomwe munkagwira m'manja. Ngati kanali kapadi ka mabatani A ndi B, katiriji yake yachikasu yolembedwa 9999 in 1, amenewo anali makina okopera Famicom ya Nintendo, ndipo musanamizike ndi nambalayo, magemu enieni anali ochepa ankangowabwerezabwereza. Mathanki oteteza chiwombankhanga pansi pa sikirini ndi Battle City ya 1985, anyamata awiri amfuti m'nkhalango ndi Contra, kamunthu kokwera mkango nkumadumpha m'mikombero yamoto ndi Circus Charlie. Ngati ankaika CD ndiye mwina inali PlayStation yoyamba ija, yambani ndi Tekken 3.

Kenako lembani zomwe mukukumbukira pa YouTube m'Chingelezi, olo chothyokathyoka, muwonjezere mawu oti longplay, kutanthauza vidiyo yoonetsa munthu akusewera gemu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kanyimbo kake kamakumbutsa msanga kuposa zithunzi, bandulo yokha ndiye samalani, ikani vidiyo pa 240p. Zikakanika pali webusayiti ya MobyGames pomwe mumasaka potengera chaka ndi mtundu wa makina, apo ayi funsani pa gulu la r/tipofmyjoystick pa webusayiti ya Reddit, kumeneko anthu ntchito yawo ndi yomweyi.

Komanso funsani achimwene anu kapena okonza ma TV mumsika, ena amasunga makatiriji akale m'makatoni mpaka pano.