Momwe mungakonzere ulendo wa banja wokaona maiwe oswetsera nsomba ndi mtsinje wa Bua

Ana ambiri kuno ku Mchinji amaidziwa nsomba ili kale pamsika, youma kapena yowamba, ndipo sanaonepo mmene imaswera ndi kukula. Ulendo wa tsiku limodzi wokaona maiwe oswetsera nsomba, kenako n'kutsikira ku Bua, ungathe kuwaphunzitsa zambiri, malinga makolo ataukonza mwadongosolo.

Choyamba, pitani ku ofesi ya za usodzi pa boma, kapena funsani mlangizi wa m'dera lanu, kuti akulozereni mlimi kapena kalabu imene imaswetsa mbewu ya nsomba. Maiwewa ndi chuma cha eni ake, choncho pemphani chilolezo kudakali masiku, ndipo mugwirizane kuti mudzafike pa nthawi yodyetsa, chifukwa ndi pamene nsomba zimabwera pamwamba n'kuoneka bwino. Nyengo yabwino ndi kuyambira Seputembala mpaka Novembala, kunja kukafunda, nsomba zikuswa ndiponso mtsinje utaphwera. Mu Juni ndi Julayi madzi amazizira, nsomba zimadya pang'ono, ndipo ana angakhumudwe poona dziwe lili zii.

Chachiwiri, chimene ine ndimachiona chofunika kuposa zonse, n'chakuti muyambire ku maiwe ndipo mtsinje ukhale womalizira. Mu 2020 m'boma lino munabuka matenda a zilonda za nsomba, amene akatswiri amawatchula kuti EUS, ndipo anagwira nsomba za mu Bua. Matendawa amayenda ndi madzi, matope, maukonde ndi nsomba zodwala, moti chidebe chimene mwana watungira madzi kumtsinje, ngakhale nsapato zamatope, zingathe kumuphera mlimi mbewu yonse. Ngati pakhomo la maiwe pali madzi a mankhwala opondamo, aliyense apondemo, ngakhale agogo.

Mukafika pa maiwe, musafulumire. Pemphani mwini wake akusonyezeni mitundu imene akuweta. Makumba aakazi amafungatira mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo tiana timathawira m'kamwa momwemo tikaona choopsa. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake saiwala. Chilunguni chimaikira mazira pansi pa dziwe, chachimuna ndi chachikazi n'kumalondera limodzi, ndipo chimadya masamba amene mlimi amaponyamo. Mlamba, wa ndevu uja, umatha kupuma mpweya wa kunja, n'chifukwa chake umapirira m'madzi amatope. Ana afunsenso chifukwa chake madzi ali obiriwira. Yankho lake n'lakuti mlimi amathira manyowa kuti m'madzi mumere tizomera ting'onoting'ono timene nsomba zimadya, kuwonjezera pa madeya. Akawasonyeza timaukonde tomangidwa pamitengo m'kati mwa dziwe, momwe amasungira tiana, aone ndi maso okha, asagwire, chifukwa tiana ta nsomba sitichedwa kufa tikagwidwa ndi manja ouma. Ana aang'ono agwiridwe dzanja, poti m'mphepete mwa dziwe mumaterera.

Kamba wanu, kaya ndi mbatata yophika, mtedza kapena thobwa, mukadyere kutali ndi maiwe, ndipo madzi akumwa mutenge kunyumba.

Dzuwa likapendeka, tsikirani ku Bua. Musanafike m'mphepete, funsani anthu a m'mudzi wapafupi malo amene iwo amachapira ndi kuwolokera, chifukwa ndiwo amadziwa maenje akuya ndi kumene kumapezeka ng'ona kapena mvuu. Musalole ana kusambira kapena kuyenda m'madzi odikha a m'mabango, popeza m'menemo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Ali pamtunda, afotokozereni kuti madzi akuonawo achokera m'mapiri a konkuno ku Mchinji, ndipo akupita kukalandira a mtsinje wa Rusa, kukadutsa ku Kasungu ndi m'nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi. Kumunsi kumeneko, nsomba ya mpasa imachoka m'nyanja n'kukwera mtsinjewu kukaswa pa timiyala ta pansi, ndipo matope ochokera m'minda yolimidwa mpaka m'mphepete mwa madzi amakwirira malo oswerawo. Asonyezeni kusiyana kwa gombe limene lidakali ndi mitengo ndi bango, ndi limene lagumuka chifukwa cha madimba.

Mukaona nsomba yakufa kapena yazilonda, musaitole, kauzeni mlangizi. Ngati mlimi anapatsa ana tinsomba m'botolo, asatitaye mumtsinje. Mukafika kunyumba, chapani nsapato ndi zidebe zonse, n'kuziyanika padzuwa mpaka zitaumiratu musanapite nazo kwa mlimi wina wa nsomba.