Momwe mungakonzekerere kujambula zithunzi zoonetsa kusweka mtima

Ophunzira ambiri akapatsidwa mutu uwu amathamangira kujambula munthu akulira atagwira tsaya. Zithunzi zotere zachuluka, ndipo woonera amaziiwala msanga. Chibwenzi chikatha, chopweteka kwambiri ndi malo amene wochokayo wasiya, ndiye ntchito yanu ndi kuonetsa malowo.

Choyamba, kamera ikhale kaye m'chikwama. Lembani chiganizo chimodzi chonena nthawi yomwe mukufuna kuonetsa, mwachitsanzo "m'mawa woyamba iye atachoka". Kenako lembani zithunzi 6 mpaka 8 zomwe mudzajambule: chimodzi cha chipinda chonse, ziwiri kapena zitatu za munthu, zotsalazo za zinthu zapafupi monga makapu awiri pamene imodzi yokha ndiyo ili ndi tiyi, kapena pilo wosagonedwa. Wojambulidwayo muuzeni komwe zithunzi zikaonetsedwe ndipo avomere musanayambe.

Chachiwiri ndi kuwala, ndipo apa m'pofunika kudekha. Kuwala kuchokere mbali imodzi basi. Zimitsani mababu onse, tsekani makatani kusiyapo zenera limodzi. Munthu akhale mita imodzi kuchokera pazenera, kuwala kumumenye cham'mbali kuti theka la nkhope likhale mumthunzi. Mthunzi ukada kwambiri, ikani pepala lalikulu loyera mbali yamdimayo kuti libweze kuwala pang'ono. Mukafuna kuti ude, pachikani nsalu yakuda pamalo omwewo. Musasakanize babu ndi kuwala kwa pazenera chifukwa khungu limatuluka lachikasu mbali ina, labuluu mbali ina.

Samalani ndi khungu lakuda. Foni ikaona mdima imawalitsa yokha chithunzi chonse, nkhope n'kuoneka yotuwa. Dinani pankhope pasikirini kwa kanthawi mpaka foni itseke muyeso wa kuwala, kenako tsitsani kuwalako pang'ono ndi chala. Timafuta todzola pang'ono pachipumi ndi m'masaya timathandiza kuti nkhope igwire kuwala ngakhale chipinda chili chamdima.

Ngati muli ndi kamera, yambani ndi aperture (kukula kwa bowo lolowera kuwala) ya f/2.8, ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala) 800 ndi shutter speed (nthawi yomwe kamera imalola kuwala kulowa) ya 1/100 ya sekondi. Mukatsika kupitirira 1/60 kamera ili m'manja, chithunzi chimagwedera, choncho ikhazikeni pampando. Mukagwiritsa ntchito babu la LED n'kuona mizere yodutsa pachithunzi, ikani shutter speed pa 1/50 kapena 1/100, chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Kandulo imapereka kuwala kofiirira kokoma koma kofooka: ikhale masentimita 50 kuchokera pankhope, ISO ikwere kufika 1600 kapena 3200. Mukafuna chithunzi chooneka chozizira masana, ikani white balance (muyeso wa mtundu wa kuwala m'kamera) pa 3200K, kuwala kwa pazenera kudzasanduka kwabuluu.

Kwa ofuna kujambula panja, kumbukirani kuti kuno dzuwa likalowa mdima suchedwa. Fikani pamalo ola lathunthu dzuwa lisanalowe, muyeseretu zonse.

Chachitatu, munthu akhale pati m'chithunzi? Musamuike pakati. Muikeni chakumphepete, mbali yaikulu ikhale yopanda kanthu, makamaka pamene mnzakeyo akanakhala. Akayang'ana kumphepete komwe wayandikira, woonera amamva kupanikizika. Yesaninso kujambula muli panja pa chipinda, mafelemu a chitseko amuzungulire, kapena kwerani pampando mumujambule kuchokera m'mwamba kuti aoneke wochepa. Chotsani chilichonse chokopa maso kumbuyo kwake, monga kalendala, ndowa yamtundu wowala kapena nthambo za chaja.

Wojambulidwayo musamuuze kuti "onekani okhumudwa", adzangochita sewero. Mupatseni chochita: apinde malaya amene si ake, atembenuze foni chafufumimba, akhale chete mphindi ziwiri. Jambulaninso manja, mapewa ndi msana wake.

Pokonza zithunzi pakompyuta, sankhani mtundu umodzi, kaya zakuda ndi zoyera kaya zabuluu, ndipo zonse zifanane. Zisindikizeni zazing'onozing'ono, muziyale pansi, muchotse chilichonse chimene chikungobwereza zomwe chinzake chanena kale.