Musanalipire nyumba: zoyenera kuona kuyambira pa mapepala mpaka kudenga

Nyumba yogulitsa imapakidwa penti sabata yomwe ogula ayamba kubwera, choncho maso a tsiku loyamba asakunamizeni. Yambani ndi mapepala. Funso loyamba ndi lakuti malowo ali m'manja mwa ndani: Unduna wa Zamalo, Malawi Housing Corporation, khonsolo ya mzinda, kapena mafumu?

Ngati ndi malo a lizi, pemphani title deed yeniyeni, osati fotokope. Lembani nambala yake, mupite nokha kapena mutume loya wanu ku ofesi ya zamalo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu kukachita search. Pepala lomwe akupatseni limaonetsa dzina la mwini wake, kutalika kwa lizi (ambiri a nyumba zokhalamo ndi a zaka 99), ngati nyumbayo ndi chikole cha ngongole ku banki, komanso ngati wina anaikapo chiletso choti isagulitsidwe. Dzina la pa deed lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsayo. Akayamba kunena kuti "mapepala ali kwa achimwene ku Johannesburg, tibweretsa mukalipira", dzukani muzipita.

Nyumba za amasiye ndi zomwe zadzetsa milandu yambiri. Kukhala mwana woyamba wa malemu sikupatsa munthu mphamvu yogulitsa. Pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011, wogulitsa ayenera kukhala ndi kalata ya kukhoti yomupatsa udindo woyendetsa chumacho. Ngakhale mwini wake ali moyo, onetsetsani kuti akunyumba kwawo akudziwa ndipo asainira nawo.

Kumalo a mafumu, kalata ya amfumu yokha siyokwanira, chifukwa poloti imodzi imatha kugulitsidwa kwa anthu atatu, aliyense ndi kalata yake yodindidwa bwinobwino. Bwererani tsiku lina popanda wogulitsa, mucheze ndi aneba a mbali zonse ndi amayi ogulitsa tomato pakona. Iwowo amadziwa amene anamanga, amene anakanganirapo malire, ndi pomwe madzi amadutsa. Dziwaninso kuti banki sikongoza ndalama zogulira nyumba yopanda deed. Za madobadoba ndi zachidule: ya kuonetsa nyumba apatseni ngati munagwirizana, koma ndalama ya nyumba isadutse m'manja mwawo.

Fufuzani mabikoni onse a m'makona, zizindikiro za konkire zosonyeza malire a poloti. Limodzi likasowa, itanani saveya, chifukwa mpanda wa njerwa si malire. Nyumba yolowa m'malo a msewu kapena yokhala kunsi kwa mawaya akuluakulu a ESCOM imatha kugwetsedwa, inu osalandirapo kanthu.

Nthawi yabwino yoonera nyumba ndi Januwale ndi Febuluwale, mvula yamphamvu itangogwa kumene. Zomwe zinachitika ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zinaonetsa kuti poloti ya m'mbali mwa phiri kapena m'khwawa, ngakhale itatsika mtengo chotani, ndi yoopsa. Mukapita m'chilimwe, khomalo likuuzani: mzere wa matope kunja, penti yotupa ndi kusupuka m'munsi, fungo la nkhungu m'makabati. Chinyontho chotere chimachokera pansi, kawirikawiri chifukwa omanga sanayale pulasitiki yakuda pamwamba pa fondeshoni. Pulasitikiyo iyenera kuoneka pafupifupi masentimita 15 kuchokera pa nthaka, ndipo kukonza vutoli nyumba itatha kale ndi ntchito yodula.

Tengani mmisiri wanuwanu, osati amene wakupatsani wogulitsa. Gogodani pulasitala ndi chala: pomwe pakumveka ngati ng'oma, yalekana ndi njerwa. Pezani pomwe njerwa zikuonekera, mukande pakati pake ndi msomali. Ikamayoyoka ngati ufa, nyumbayo inamangidwa ndi matope kapena simenti anaiumira, ndipo mtengo wake usafanane ndi ya simenti yokwanira. Ming'alu yopyapyala ngati tsitsi ndi ya pulasitala chabe. Yoyenera kuiopa ndi yotsetsereka kuchokera pakona ya zenera kapena chitseko, yotsata njerwa ngati masitepe, yoti mtengo wa machesi nkulowamo. Imeneyo ikutanthauza kuti fondeshoni ikutitimira, makamaka m'madambo a dothi lakuda lomwe limafufuma kukagwa mvula nkung'ambika kukauma. Zitseko zokakamira zimanena zomwezo. Funsaninso ngati pamwamba pa mazenera pali bimu ya konkire yozungulira nyumba yonse.

Kwerani m'silingi masana ndi tochi. Zimitsani tochiyo kaye: paliponse polowa kuwala, mvula ilowanso. Kenaka bayani matabwa ndi sikuludilaiva, chifukwa chiswe chimadya mkati kusiya khungu looneka bwino. Pa malata, nambala yaikulu ndiye lata lopyapyala: geji 28 ndi yolimba kuposa 32.

Madzi muwayese 6 koloko m'mawa, aliyense akusamba. Ku Blantyre madzi ambiri amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, ndiye madera okwera amakhala oyamba kuuma. Gejemulani chimbudzi chilichonse, mutsegule chivundikiro cha septic tank, ndipo ngati pali chitsime chitalikirane ndi chimbudzi mamita osachepera 30. Pemphani malisiti a madzi, a city rates (msonkho wa kukhonsolo) ndi a ground rent (ndalama ya pachaka yolipirira malo a lizi), popeza ngongole zimenezi zimakakamira pa nyumba, ndipo amene adzavutike nazo ndi inu. Ulendo wa kuntchito muuyesenso Lolemba m'mawa pa minibasi, osati Lamulungu masana msewu uli mbee.

Mtengo mukambirane mutagwira lipoti la katswiri wovomerezeka wowerengera mtengo wa nyumba, ndipo pa bajeti yanu musiye ya loya, ya stamp duty (msonkho wa boma wolipira posintha dzina) ndi yokonzera zomwe mmisiri wapeza. Pa malo a lizi ya boma, dzina silisintha popanda chilolezo cha Unduna wa Zamalo ndi chikalata cha MRA chosonyeza kuti misonkho ili bwino. Lipirani kudzera ku banki, ndipo mu mgwirizano mulembetse kuti gawo lomaliza lisungidwe ndi loya mpaka mapepala osinthira dzina atasainidwa, ochita lendi atatuluka, makiyi ali m'manja mwanu.