Kompyuta ikakuuzani kuti muimbe foni, musaimbe

Muli pa intaneti, mwadzidzidzi sikirini yonse yadzaza uthenga wofiira woti kompyuta yanu yalowa vairasi, imbani nambala iyi msanga. Alamu ikulira, ndipo pakona pali chizindikiro cha Microsoft kapena Apple. Mtima umathamanga, ndipo mantha amenewo ndi amene akubawo akudalira.

Khazikani mtima pansi. Kawirikawiri pa nthawiyi kompyuta imakhala ilibe vuto. Uthengawo ndi tsamba la pa intaneti chabe, langodzitambasula kuti lioneke ngati lachokera m'kati mwa makina. Mauthenga enieni a Windows sakhala ndi nambala ya foni, ndipo a Microsoft saimbira munthu amene sanawapemphe thandizo.

Dinani Esc kwa masekondi angapo osachotsa chala, kapena Alt ndi F4 pamodzi. Zikakanika, dinani Ctrl, Shift ndi Esc, mutseke browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) kudzera mu Task Manager, zenera la mapulogalamu onse otseguka limene litulukire. Poitsegulanso, ikakufunsani zobwezeretsa masamba akale, kanani.

Tsoka limayamba mukaimba. Woyankhayo amalankhula mwaulemu ngati katswiri, n'kukupemphani kuika pulogalamu yoyendetsera kompyuta munthu ali kutali, monga AnyDesk kapena TeamViewer. Mapulogalamuwa si oipa, amisiri enieni amagwiritsa ntchito omwewa, koma mukangomuwerengera manambala amene aoneka pa sikirini n'kuvomereza, mwamupatsa makiyi a nyumba. Mudzaona kamuvi ka mausi kakuyenda kokha inu manja ali pamwendo. Amatsegula Event Viewer, malo amene Windows imalembamo zochitika za m'makina, n'kukulozerani zizindikiro zachikasu ndi zofiira, ati umenewo ndi umboni. Bodza limenelo! Zizindikiro zotere zimapezeka ngakhale pa kompyuta yabwinobwino. Kenako amafuna malipiro kudzera mu gift card (khadi yogulira zinthu yolipiriratu), Bitcoin (ndalama za pa intaneti) kapena kutumiza ndalama mwachindunji, njira zimene ndalama ikapita kuibweza kumavuta.

Ena amadzaimbanso patapita miyezi, ati akufuna kukubwezerani ndalama. Amasintha manambala pa tsamba la banki limene mukuliona kuti zioneke ngati atumiza zopitirira, n'kuyamba kuchonderera kuti mubweze zapamwambazo, apo ayi awachotsa ntchito. Zimandiwawa kuti ambiri amene amagwa m'mbunamu ndi achikulire, anthu achifundo. Ku America kokha, bungwe lofufuza milandu la FBI linalandira madandaulo a ndalama zoposa madola 900 miliyoni zobedwa mwa chinyengo cha mtunduwu m'chaka cha 2023.

Ngati munawalowetsa kale, musachite manyazi n'kukhala chete. Dulani intaneti nthawi yomweyo, chotsani pulogalamu ija, ndipo imbirani banki yanu pa nambala yolembedwa kuseri kwa khadi. Sinthani mapasiwedi pa foni kapena pa kompyuta ina, kuyambira wa imelo, chifukwa amene wagwira imelo angathe kusintha ena onse. Mukatero, yendetsani Microsoft Defender, pulogalamu ya mu Windows yolimbana ndi mavairasi, ifufuze makina onse. Ngati anakhalamo nthawi yaitali, pitani ndi kompyutayo kwa mmisiri amene mumamudziwa maso ndi maso akaikemo Windows mwatsopano.