Pepala la masiginecha silikuuzani ngati antchito aphunzira

Akapitawo, mamanejala a minda ya nzimbe ndi atsogoleri a makopaletivi kuno ku Chigwa cha Shire, maphunziro a antchito akatha mumatsala ndi chiyani m'manja? Malo ambiri amene ndayendera, kuyambira ku Nchalo mpaka ku Bangula, amandionetsa pepala la mayina ndi masiginecha a omwe analandira alawansi. Pepala limenelo limangotiuza kuti munthu anakhala pabenchi. Ngati dzanja lake lasintha kagwiridwe ka ntchito, silinena.

Akatswiri ali ndi njira yotchedwa learning analytics: kulemba zimene zikuchitika pophunzitsa, kuziunika, kenako kukonza kaphunzitsidwe. Makampani akuluakulu amachita izi pakompyuta, ndi mapulogalamu ngati Moodle. Inu yambani ndi kope ndi bolopeni.

Titenge anthu opopera mankhwala m'munda wa nzimbe kapena wa thonje. Musanayambe kuphunzitsa, aliyense achite zinthu zisanu inu mukuona: kuyeza mankhwala, kusakaniza ndi madzi, kuyenda ndi sipuleya pa liwiro loyenera, kuvala zodzitetezera, ndi kutsuka zida akamaliza. Chongani chimene wakhoza. Bwerezani tsiku lomaliza la maphunziro, ndipo pakatha mwezi mumutsatire kumunda mukachongenso. Kuyesa kwachitatuku ndi kumene anthu amakuthawa chifukwa kumafuna kuyenda padzuwa, koma ndi kumene kumaonetsa zimene zakhazikika.

Mukatero werengani kopelo chotsika, kuona mmene anthu onse achitira pa chinthu chimodzi, osati chopingasa pokha, kuona munthu mmodzimmodzi. Tiyerekeze kuti mwa anthu 12, asanu ndi atatu alephera kusakaniza mankhwala. Pamenepo musakalipire antchito ayi. Phunziro limenelo ndilo silinaperekedwe bwino, libwerezeni, ndipo ulendo uno aliyense agwire yekha kapu yoyezera.

Lembaninso nthawi imene phunziro linachitika ndi chilankhulo chimene munagwiritsa ntchito. Tonse tikudziwa mmene ku Ngabu kumatenthera mu Okutobala ndi Novembala, mpaka kupitirira madigiri 40. Munthu amene wadula nzimbe kuyambira mbandakucha, mukamukhazika m'kalasi 2 koloko masana, thupi ndilo lilipo koma mutu wagona. Kope lidzakuonetsani ngati a m'mawa akukhoza kuposa a masana. Chimodzimodzi chilankhulo: mayeso a m'Chingerezi kwa munthu wolankhula Chisena kapena Chimang'anja amayesa Chingerezi chake, pomwe inu mumafuna kudziwa ngati akuidziwa ntchito. Onaninso amene akujomba. Ngati ambiri ndi amayi, afunseni nthawi imene angathe kubwera.

Kuno ndi kwa madzi osefukira, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatikumbutsa kuti pepala silichedwa kupita. Jambulani tsamba lililonse pafoni. Amene muli ndi foni zamakono yesani KoboToolbox, pulogalamu yolembera mafunso ndi mayankho pafoni, imalola kulemba ngakhale netiweki palibe, n'kutumiza mukafika poigwira.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti kope limeneli lisasanduke chikwapu. Antchito akangodziwa kuti zotsatira zake ndi zochotsera anthu ntchito, adzayamba kubisa zimene sakudziwa, ndipo wosakaniza mankhwala molakwika adzapitiriza mwakachetechete mpaka wina adwale. Auzeni poyamba chifukwa chimene mukulembera. Zotsatira za munthu mukambirane naye pambali, osazipachika pakhoma la ofesi, ndipo kopelo lizikhala m'kabati yokhoma, kiyi ali ndi wophunzitsa.